Udzu wafika pakhoma, Adada

Chisenga, Lachinayi masana

Adada, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Lero akwana masiku 203 chikuikireni kuseri kwa nthochi. Amama alipo, koma vuto la mwendo lija lakula, safikanso ngakhale pachitsime. Mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga Lusayo, anachira mwana wamwamuna. Tamutcha dzina lanu. Chimanga tinapeza matumba 17, nyemba atatu ndi theka.

Ndalemba chifukwa ndili ndi mantha. Chaka chino mzere wanu wotchinga moto sunalambulidwe. Inu mwezi wa Juni ukangofika munkavala nsapato zanu za kuusilikali zija, n'kuyesa mapazi khumi ndi awiri kuzungulira nyumba ndi nkhokwe, n'kupala mpaka dothi lofiira. Anthu ankakusekani, amvekere: "A Sajeni akumenyanabe ndi udzu!" Inu n'kumangopalabe. Zaka 14 muli msilikali, zaka 19 mukuzimitsa moto m'tauni, koma sindinakuonenipo mukuyatsa machesi musanaponye kadothi m'mwamba kuti muone kolowera mphepo.

Vuto ndi lakuti mzerewo umadutsa pamene mwagonapo. Ang'ono anu, adada a ku Wenya, analamula kuti pamenepo pasagwe khasu, ndipo zida zanu zisatuluke m'chipinda, mpaka abale adzakumane kugawa katundu mu Disembala. Ndinawayendera wapansi Lolemba kukapempha. Anati: "Iwe Tusekile, mwana wamkazi akalime pamanda a bambo ake? Ukufuna kutiitanira chiyani pamudzi?" Ndinangoti yewo, n'kubwerera.

Tsopano udzu ukundifika m'chiuno, wauma gwa, ndipo wakhudza khoma la chipinda cha Amama. Dzulo moto unaoneka m'munsi mwa mapiri a Mafinga, phulusa likugwera m'mbale zathu. Ndiye aneba athu, a Silumbu, adula nthambi zawo ndipo akuti Loweruka atentha kuti afese mawere. Munda wawo uli kumunsi kwathu, Adada. Ndayesa, ndi mapazi 86 okha. Nditawapempha kuti adikire anaseka: "Mwana wa Sajeni kuopa utsi? Mvula sidikira maliro anu, mama."

Munkandiuza kuti moto pokwera mtunda umathamanga kuposa munthu. Munkatinso anthu amene munawanyamula m'nyumba zopsa ambiri anali oti sakanatha kuyenda okha. Chipsera cha padzanja panu chija munachitenga potulutsa gogo wina pawindo. Ine Amama sindingathe kuwabereka, ndinayesa Lachiwiri, tinagwa tonse pakhomo. Lusayo ali kumalire a dziko ndi malonda ake, foni yake sikugwira.

Ndikuopa moto, ndikuopanso adada a ku Wenya. Kuposa zonse ndikuopa kuti mwina inuyo mukhumudwa kumva khasu pafupi ndi mutu wanu. Koma ndikakumbukira mmene munkalondera mzere uja, sindikhulupirira kuti mungakonde kugona mu udzu wotere.

Choncho ndatsegula chipinda chanu. Ndatenga khasu, chikwakwa, ndi ndodo ija yokhala ndi mphira wa tayala kunsonga yomenyera moto. Nsapato sindinakhudze. Mawa kukangocha ndiyamba, ndipo pofika pa inu ndidzazula udzu ndi manja, khasu ndidzaliika pansi. Mapazi anga ndi aafupi, ndiye ndidzayesa khumi ndi asanu.

Mukamva phokoso kumutu kwanu musadzidzimuke, ndine. Ndikulonjeza kuti Loweruka a Silumbu asanayatse, mzere udzakhala utakumana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tusekile