Ndamasulira pa chinkhoswe cha Tadala

Loweruka, mwezi wa Okutobala. Kunatentha koopsa, koma kukhosi kwanga kuli mbee.

Lero chinali chinkhoswe cha mng'ono wanga Tadala, kwa amalume ku Area 47. Mwamuna wake ndi wa ku Ghana, abale ake Chichewa samva. Womasulira sanabwere, amalume n'kungondipatsa maikolofoni: "Iwe Chisomo, suja umaphunzira Chizungu kusukulu yamadzulo? Tiyankhulire." Ndinailandira.

Malonje anayenda bwino. Kenako amalume anati: "Pamene mnyamatayu ankabwera kudzafunsira, ife tinali titamulandira kale, chifukwa ankachezera nafe kuchipatala mlongo wanga akudwala." Ankanena malemu amayi.

Ndinaima kaye. Ndinene "we accepted" kapena "we had accepted"? Pomwepa mpamene ndakhala ndikuphonya m'kalasi mwezi wonse. Ndinadzifunsa monga amanenera aphunzitsi: chinayamba n'chiti? Kuchipatala kuja. Kufunsira kunabwera pambuyo. Ndinakweza mawu: "When he came to ask, we had already accepted him." Zakuchipatalazo ndinazimasulira mosadodoma.

Amayi ake a mnyamatayo anadzuka, n'kudzagwira amalume manja onse awiri, misozi ili mbwembwembwe. Azimayi athu anayamba nthungululu. Tadala anandiyang'ana n'kupukuta m'maso.

Titabalalika, amalume anandikodola. "Chizungu chako chaliza mlendo, iwe! Paukwatinso ndiwe."

Ndaseka njira yonse mpaka kwathu ku Old Town. Amayi ankandiseka kuti Chizungu changa n'choitanira makasitomala pabenchi ya matimati basi. Akanakhala pampando wakutsogolo uja lero...