Mkanjo Uja Sunali Wanga

Okondedwa Achemwali,

Ndayamba ndi moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Mwendo uja ukupeza bwanji? Ndikhulupirira mukumwa mankhwala monga anakuuzani, osati mwa chizolowezi chanu chosiya mukangomva kuti zachepa. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Kalatayi ndaiyamba katatu. Mukaiwerenge muli nokha, kenako mumuitane Kachala wathu. Ndimamutchulabe dzina limeneli ngakhale wakula, poti ndimakumbukira momwe ankalondolera mawu ndi chala pophunzira kuwerenga.

Chithunzi chili pabalaza panu chija, ndavala mkanjo wakuda ndi chisoti cha ngodya zinayi, n'chabodza. Pa yunivesite yotchuka ino sindinaphunzirepo ngakhale tsiku limodzi. Ndimagwira ntchito m'chipinda chapansi, kuseri kwa holo yaikulu, momwe timasungira mikanjo yobwereketsa kwa omaliza maphunziro. Ntchito yanga ndi kuichapa, kuisita ndi kuikoleka motsata manambala. Chaka changa choyamba mnzanga wosoka mabatani anandiveka umodzi mwanthabwala n'kundijambula. Nditakutumizirani, inu munaimba foni mukulira ndi chimwemwe, ndipo ine ndinasowa polowera. Ndinati ndikonza mawa. Mawa lakelo latha zaka zisanu ndi zinayi.

Choipa kwambiri ndi ichi. Kachala atakhoza mayeso ananditumizira mapepala ake, akuti amalume mungowapereka kwa akuluakulu anzanu. Ndinayankha kuti asadandaule. Mapepalawo ndinawaika m'dirowa ya pansi pa tebulo lositira. Kawiri konse ndinakwera nawo masitepe mpaka pakhomo la ofesi yolembera ophunzira, kawiri konse ndinabwerera, poopa kuti akandifunsa kuti ndine yani.

Lolemba lapitali ndinalimba mtima n'kulowa. Mayi wa pa kauntala anandizindikira, poti ndimamusitira mkanjo wake chaka ndi chaka. Anayang'ana mapepalawo mofatsa, nati mwanayu anakhoza bwino moti akanaganiziridwa ndithu, koma kulandira mafomu kunatsekedwa miyezi iwiri yapitayo. Anandiuzanso kuti panalibe chopereka kwa akuluakulu, zinkangofunika kudzaza fomu ngati wina aliyense. Anafunsa chomwe ndinachedwera. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Dzana alamu anandiuza pafoni kuti Kachala akukana kusayina kalata ya koleji yapafupi ija, yomwe yamupatsa malo ndi thandizo lonse pa maphunziro oyeza magazi ndi matenda. Akuti akudikira yankho la kwa amalume, ndipo sangapite kukoleji yopanda dzina pamene m'banja muli kale munthu wa ku yunivesite yeniyeni. Akuti tsiku lomaliza kusayina ndi Lachisanu la sabata yamawa. Nditamva zimenezi manyazi anandigwira moti ndinapsereza kolala ya mkanjo, koyamba chiyambire ntchito.

Sindinena kuti malo ano ndi achabechabe, limenelo lingakhale bodza lachiwiri. Laibulale yake ndi yaikulu kuposa msika, aphunzitsi ndi odziwa, ndipo dzina lake limatsekula zitseko. Koma ine ndimawaona pafupi ana omaliza maphunziro pano, ndikamawayeza mapewa. Ena amatuluka ali anthu olimba. Ena amabweza mkanjo osadziwa kolowera, ndipo mmodzi anabwera chaka chotsatira kudzafunsa ngati kuchipinda kwathu kuli ntchito. Amene anandipeza ndi matenda a shuga chaka chatha ndi mtsikana amene ndinadzamva pambuyo pake kuti anaphunzira kukoleji yaing'ono ngati yomwe Kachala akuikanayo. Sindinamufunse dzina la sukulu yake, ndinangomutambasulira mkono.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuuze Kachala zoona zonse, musandichepetsere mlandu, ndipo mupite naye akasayine Lachisanu lisanafike. Akafuna kudzayesa kuno m'tsogolo, adzayese ali ndi pepala kale m'manja, ndipo fomu yake ndidzaipereka tsiku loyamba. Koma asataye chomwe wagwira chifukwa cha chithunzi. Akakwiya nane, musamuletse. Ali ndi chifukwa.

Chithunzicho muchitsitse. Mukachiyang'anitsitsa pakhosi muona kansalu koyera kolembedwa 214, nambala ya pa hang'ala. Kakhala pamenepo zaka zonsezi, alendo akuyamikira. Felemu yokhayo musataye, mudzaikemo cha Kachala.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi ana onse, ndiponso kwa amayi aang'ono, amene muwauze pang'onopang'ono poti ndi amene ankanditcha profesa pamaso pa anthu. Kachala mumuuze kuti tsiku lake likadzafika, akadzalola, ndidzabwera kudzamusitira mkanjo. Chimenecho chokha ndiye ndinachiphunziradi kuno.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Wosita mikanjo