Galu wa Amayi ndi Kamtedza ka M'phala

Lamlungu, 14 Disembala

Ku Skive, m'nyumba ya amayi. Mvula, mphepo, mdima khofi wa masana asanazizire n'komwe. Makatoni paliponse. Nyumba yagulidwa, makiyi tipereka chaka chikangolowa. Wolongedza ndine, poti ndine woyamba kubadwa, wosakwatiwa, wopuma pa ntchito. Kwa mlongo wanga Preben ndi mng'ono wanga Vibeke, zitatuzi zikutanthauza kuti ndilibe chochita.

Chatsala chimodzi chosalowa m'katoni: Sofus, galu wa amayi. Wokalamba, chiuno chinatha, m'kamwa mukununkha ngati padoko la nsomba. Chimwalirireni amayi mu Okutobala tili awiri muno. Sitikondana. Amandiyang'ana ngati wantchito amene wachedwa kubwera.

Kufulati kwanga ku Aarhus agalu saloledwa. Lamulo lili pakhoma, pongolowa. Nsanjika yachitatu, chikepe palibe. Onse akudziwa zimenezi. Komabe funso loti Sofus apita kuti limangogwera ine.

Lachitatu, 17 Disembala

Mlamu wanga Jytte, mkazi wa Preben, waika chithunzi pa intaneti. Iye atagwada, atakumbatira Sofus, tsiku la maliro. Pansi pake walemba kuti nyengo ino mtima wake wadzaza ndi kuthokoza chifukwa cha banja, komanso chifukwa cha "mngelo wathu wamiyendo inayi". Anzake amuikira timitima mbwee. Tsikulo ndikulikumbuka bwino. Atangojambulitsa anathamangira kukhitchini kukasamba m'manja ndi sopo wotsukira mbale.

Ndamuimbira Preben kuti mngelo uja akusowa pokhala. "Achemwali, mukudziwa kuti tili ndi sofa woyera," akutero. Bwalo ali nalo loti n'kuwetamo ng'ombe. Koma sofa.

Kenaka Vibeke. Amphaka ake awiri akuti ali ndi mtima wofooka, sangapirire galu. Amphaka omwe anamaliza mbalame zonse za mumsewu mwawo. Walira pa foni. "A Bodil, Sofus ndi chotsiriza chimene amayi atisiyira." Ndamuuza kuti ndiye bwera udzatenge chotsirizacho. Pomwepo foni yake inayamba kuvuta.

Chakudya: buledi wakuda ndi tchizi, nditaimirira. Mipando ya kukhitchini ndinapereka kale.

Lachisanu, 19 Disembala

Preben wapeza njira. Munthu wa misonkhano, vuto lililonse amalipezera dzina labwino.

Choyamba, wasungitsa malo kwa dokotala wa ziweto, Lolemba pa 29. Akuti "kumupumitsa". Jakisoni wakupha, koma kumupumitsa. "Ndangosungitsa basi, achemwali, mwina sitidzapitako."

Chachiwiri, phala la mpunga la madzulo a pa 24, usiku woti mawa Khrisimasi. Monga mwa masiku onse, mtedza wa amondi wosinja m'phala monse, kamtedza kamodzi kokha kathunthu, wokapeza amalandira mphatso. Chibadwire chathu mphatsoyo yakhala kankhumba ka shuga. "Chaka chino tisagule kankhumba," akutero Preben. "Wopeza kamtedza, mphatso yake ndi Sofus. Atisankhire amayi eni ake ali kumwambako."

Jytte akuti n'zokongola kwambiri, zamugwetsa misozi. Vibeke wavomera. Aliyense wawerengera kale kuti tsoka ligwera mnzake.

Ndafunsa kuti nanga kakagwera ine, ndi fulati yanga ija? "Ndiye kuti tayesetsa," watero Preben. Kuyesetsa kwake ndi Lolemba.

Amayi akanamva kuti akutchulidwa pa maere a galu wawo, akanamuponyera wina chikombe.

Lamlungu, 21 Disembala

Kumanda ndi kandulo ndi nkhata ya masamba a paini. Sofus m'mbuyo, pang'onopang'ono, ngati bishopu. Pamanda a amayi sananunkhize n'komwe. Wapita kukakodzera mwala wa a Thorup, amene amayi sanalankhulane nawo zaka zambiri pa nkhani ya mpanda. Ndaseka ndekha m'manda. Ndiye kuti galuyu nkhani za m'banja amazidziwa.

Mtengo wa Khrisimasi ndaimika, waung'ono, wopendekeka. Timitima tapepala tolendewera m'munsi wadya tiwiri. Mapiritsi ake a chiuno, odula ngati a nduna, ndimawabisa m'chiwindi chopera. Chiwindi amameza, piritsi amalavula pa kalipeti, loyera bwinobwino.

Masana ndikulongedza kabati ya kubafa, ndapeza chipeso cha amayi, tsitsi lawo likadali momwemo. Ndangokhala pansi pomwepo. Sofus wabwera mokwakwaza, waika chimutu chake pabondo langa. Kununkha kwake. Sindinamukankhe.

Galuyu sindikumufuna. Koma sindikufuna kuti afe. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lachiwiri, 23 Disembala

Phala lapsa, likuzizira pakhonde. Bakha ali mufiriji, kabichi wofiira wakonzeka. Kirimu ndi msuzi wa matcheri mawa.

Posenda amondi ndaganiza. Tidzakhala anayi patebulo. Kamtedza kakagwera ine, Sofus wafa. Ndiye ndapatula timitedza titatu tathunthu. Kamodzi m'mbale ya Preben, kena ya Jytte, kena ya Vibeke. Yanga mulibe. Ndidzagawira kukhitchini, m'timbale ta aliyense, monga amachitira amayi tili ana pofuna kuti Vibeke apambane asiye kulira.

Chinyengo, inde. Koma woyamba kulavula kamtedza ndiye watenga galu, ena awiriwo adzangotafuna mwakachetechete, kuthokoza Mulungu. Mwa anthu atatu, mmodzi ndithu manyazi ali nawo.

Sofus ndamusambitsa. Madzi anatuluka ngati a m'ngalande. Ndamumangira kansalu kofiira m'khosi, kuti aoneke ngati mphatso. Akuoneka ngati wokalamba wokakamizidwa kupita ku ukwati.

Lachinayi, 25 Disembala

Ndadzuka mochedwa. Mbale zili mulu. Ndilembe ndisanaiwale kanthu.

Dzulo madzulo onse atatu anafika ndi mphatso ndi fungo la mafuta onunkhira. Jytte anajambulitsanso ndi Sofus, ulendo uno osamukhudza, dzanja lili m'malere pamwamba pa mutu wake. Tisanadye anatigwiritsa manja, mwambo wake watsopano, aliyense anene chimene akuthokoza. Preben: banja. Jytte: banja, chikondi, ndi zolengedwa zonse zazing'ono zimene zimatiphunzitsa kukhulupirika. Vibeke analephera kumaliza, misozi. Ine ndinathokoza kuti bakha sanapserere.

Bakha, mbatata za shuga, kabichi. Kenaka phala. Chaka chilichonse pamakhala phokoso, kunamizana, kukanikizana masaya kuti tione wabisa ndani. Dzulo zii, ngati mayeso. Masupuni okha. Sofus ali pansi pa tebulo, akupuma mokoka.

Ndinaona onse atatu.

Woyamba Vibeke. Supuni inaima m'kamwa, maso anatuzuka pang'ono. Anayang'ana kandulo, anamwa madzi, khosi linagwedezeka. Anapitiriza kudya.

Jytte ndi katswiri. Sanasiye n'komwe nkhani imene amakamba, ya makatani. Anangoima pakati pa mawu, kumeza, n'kumaliza mawuwo.

Preben ndiye anavutika. Kamtedza kake ndinasankha kakakulu. Nkhope inafiira, anatsokomolera m'kansalu, anagugudiza vinyo, anadzimenya pachifuwa. "Matcheri awa ngowawasa, achemwali." Misozi ili m'maso.

Mbale zonse mbee. Kamtedza sikanaoneke.

Tinakhala tikuyang'anana. Jytte ndiye anayamba, mokoma: "Alamu, mwina munaiwala kuika. Mwatopa kwambiri masiku ano." Vibeke anavomereza msangamsanga kuti zimachitika. Preben anapinda kansalu kake bwinobwino, n'kunena ndi mawu a kumaliro: "Ndiye kuti amayi sanasankhe aliyense. Mwina akutiuza kuti akumufuna Sofus kumene aliko."

Pamenepo magazi anandiwira. Ndinafuna kuwauza: titatu, ndipo ndakuonani nonse. Mawu anafika pamlomo. Koma ndikanapindula chiyani? Akanakana, tikanakangana, wina akanatenga galu mokwiya n'kukamusiya kwa dokotala sabata yomweyo, kenaka chithunzi pa intaneti ndi kandulo. Munthu womeza mtedza wathunthu pothawa galu sungamupatse galu.

Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti: "Ndameza ine. Ndinachita mantha. Sofus ndi wanga."

Nkhope zawo sindidzaziiwala. Aliyense akudziwa kuti ndikunama, poti kamtedza kali m'mimba mwake. Aliyense akuganiza kuti akudziwa yekha. Preben anakweza tambula: "Achemwali athu, mtima wa banja lino." Za lamulo la kufulati kwanga palibe anafunsa.

Kenaka tinagwirana manja kuzungulira mtengo, kuimba nyimbo za mtendere. Dzanja la Vibeke linali thukuta lokhalokha.

Mphatso zanga: masokosi, kandulo wonunkhira, ndi buku la mmene munthu angakhalire woyamikira.

Loweruka, 27 Disembala

Akubwera mmodzimmodzi, ngati kokaulula machimo, koma osaulula.

Vibeke dzulo, ndi thumba la chakudya cha galu, chodula kwambiri, chimene Sofus sadya. Anandikumbatira nthawi yaitali pakhomo. "A Bodil, inu ndinu munthu wabwino kuposa ine." Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Anaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala.

Jytte waimba lero. Nkhani zambirimbiri, kenaka mongodutsa: kodi munthu akameza amondi wosatafuna pali vuto? Akuti akundidera nkhawa ine. Ndamuuza kuti ndamva kuti amamera m'mimba, makamaka mwa anthu amtima wabwino, nthaka yake ndi yachonde.

Preben sanabwere. Wangotumiza uthenga kuti malo a kwa dokotala sanawafafanize, "kuti mukhale ndi ufulu wosankha". Mlongo wanga yemweyo ndinkamupukuta mamina, kumubereka popita kusukulu ya mkaka. Ndimamukondabe, ndiye chondikwiyitsa n'chimenecho.

Ndakwiya ndi onse. Ndakwiyanso ndi ine mwini, wochenjera wa timitedza titatu. Msampha ndinatchera ndekha, ndagweramo ndekha. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, msana wovuta, fulati imene ndinaidikira zaka zambiri pamndandanda, yoyang'ana kunyanja. Ndiitaye chifukwa cha galu amene mwina sadzaona Khrisimasi ina?

Lolemba si patali. Palibe angandinene. Onse angamvetse, mwinanso kundiikira timitima.

Sofus walavulanso piritsi.

Lolemba, 29 Disembala

Ku Aarhus.

Kwa dokotala ndinapita. Tinakhala pabenchi, pakati pa mayi wa kalulu ndi bambo wa mphaka m'bokosi. Mtsikana wa pakauntala anatiitana ndi mawu ofewa aja, ophunzitsidwa. M'chipinda anali atayala kale bulangete pansi, nyali atachepetsa. Dokotala anafunsa ngati ndakonzeka. Ndinati ndakonzeka, mumuwenge zikhadabo, zatalika. Anandiyang'ana, anayang'ana pepala lake, anandiyang'ananso. Anawenga.

Masitepe a kufulati Sofus anangowayang'ana n'kukhala pansi. Ndinamunyamula. Wolemera ngati thumba la simenti, miyendo ili lendelende, akundipumira kumaso. Pa nsanjika yachiwiri chitseko chinatseguka: a Skovgaard, wapampando wa komiti ya nyumba, ali ndi zinyalala m'manja. "Bodil, ameneyo ndi mlendo, eti?" Ndikanatha kuvomera. Mlendo amaloledwa masiku angapo. Koma kunama kwandikwana sabata ino. Ndinati ayi, amakhala pano.

Anapepesa kwambiri, mwaulemu wonse. Akuti ndili ndi mpaka kumapeto kwa Januwale, galu achoke kapena tichoke tonse. Anandifunira chaka chabwino.

Ndayang'ana nyumba za lendi pa foni. Zolola agalu, zapansi, zoti ndingakwanitse: kamodzi kokha, kunja kwa tauni, kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Zenera likuyang'ana khoma. Ndalembera mwini wake.

Msana ukuyaka moto. Sofus wazungulira fulati yonse, wanunkhiza ngodya iliyonse monyoza, wasankha mpando wanga wa pazenera, wandiyang'ana mpaka ndamukweza. Tsopano akuona nyanja, ine ndili pa kampando ka kukhitchini. Zikomo palibe.

Ndimamukonda, chigalu chonunkhachi. Sindikudziwa zinayamba liti. Palibe wina padziko amene akuwasowa amayi monga ndikuwasowera ine, koma iyeyu, ndipo iye sajambulitsa.

Watsika pampando. Waima pachitseko, akulira, mwendo wakumbuyo ukunjenjemera. Sitinathe ndi ola lomwe chikwerereni. Nsanjika zitatu kutsika, zitatu kukwera, ndipo nsapato zanga sindikudziwa ndaziika pati.