Injini ya Boti m'Pikapu ya Bambo

Regla, Havana

Okondedwa achimwene Nemesio,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga maso a bambo ali bwanji masiku ano? Ine kuno ndili bwino, kungoti zikhadabo zinada ndi girisi moti sopo wagonja.

Pikapu ya bambo yadzuka, achimwene. Koma pali nkhani imene sindingathe kuwauza ndekha.

Mukudziwa kuti chibwerere nayo kuno ndi imene yakhala ikundidyetsa, kunyamula nthochi ndi mapapaya kupita kumsika. Mwezi wa Malichi injini inasweka ndili pachitunda, inatulutsa utsi woyera kenako zii. A Wilfredo, makaniko oyandikana nane nyumba, ataitsegula anavula chipewa ngati ali pamaliro. Anati zitsulo zake zinaleka kupangidwa iwo asanamere ndevu. Nditafunsa za injini za dizilo zakunja zimene anthu akuika masiku ano, anaseka.

"Iwe Idalmis, gulitsa pikapuyo, ugulitsenso nyumba ya eni akeyi, mwina ugula theka lake."

Ndiye anandiperekeza ku Cojímar, mudzi wa asodzi, kwa mayi ena amasiye, a Eulalia, amene boti la amuna awo linawolera pamchenga. Injini ya botilo ankaisunga m'khitchini, ataifunditsa nsalu ya patebulo, pamwamba pake pali maluwa m'chitini. Mayiwo sanafune zambiri. Anangoti Lamulungu lililonse ndizikawatenga kupita nawo kumanda a amuna awo. Ndinavomera.

Kuiika inali nkhondo. Inali yaitali moti boneti sinkatsekeka, ndipo giyabokosi inakana ukwatiwo. A Wilfredo anadula chitseko cha uvuni wakale wa buledi n'kupanga chitsulo cholumikizira ziwirizi, ine ndikuwotcherera miyendo yaifupi yoti injiniyo ikhalepo, boneti itsekeke. Lediyeta tinapeza ya thirakitala. Tsiku loiliza anthu a mumsewu wathu anadzaza pakhomo, wina n'kundikumbutsa kuti ndisaiwale nangula. Italira, a Eulalia anaika dzanja pa boneti n'kutsinzina. Anati umu ndi mmene ankadziwira kuti amuna awo akubwerako kunyanja.

Tsopano ndikamayendetsa m'mawa imagunda mosafulumira, thu thu thu, ndipo maganizo amandithawa. Ndimangoona ndikukwera msewu wa La Farola kubwera kwathu, nkhungu ili pansi pa matayala, mitengo ya koko ikudontha mame, fungo la khofi wa alamu likundichingamira ndisanaone denga. Tsiku lina ndinapitirira msika osauona, nthochi zili kumbuyo.

Pempho langa nali. Bambo ankaizindikira pikapu iyi ikadali kutsidya kwa mtsinje, ndipo chiyambire kusaona amanena kuti kulira kwake ndi chokhacho chatsala cha masiku a mayi. Ponditsanzika anandigwira dzanja n'kunena kuti matayala ndi utoto ndisinthe mmene ndifunira, koma injini munthu asaichotse. Ndibwera pa Khirisimasi. Chonde muwauze ndinu kuti ndaichotsa, modekha, tsiku limene adya bwino. Muwauze kuti yakaleyo sindinataye. Ndaitsuka, ndipo ikwera kumbuyo kuti adzaisisite ndi manja awo. Akakwiya musandiikire kumbuyo, alekeni alankhule mpaka atope. Koma akadzafunsa kuti yatsopanoyi imalira bwanji, musawafotokozere. Mudzangowatulutsira mpando pakhonde.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali a Caridad ndi kwa ana onse. A Eulalia akuti nawonso akwera, poti sanaonepo mapiri a kwathu, ndipo amuna awo angathe kudikira Lamulungu limodzi.

Ndine mlongo wanu wokusowani,

Idalmis