Ndinafuna kufa papepala

Achimwene okondedwa,

Moni kwa inu ndi alamu kumeneko ku Kitwe. Kuno ku Nabvutika tili bwino, kupatula bondo langa lija.

Koleji imene mwana wathu Misozi akufunsirako malo ikufuna kuti alembe nkhani imodzi ya moyo wake. Iye anasankha kulemba za mmene ankandikankhira njinga ya makala pachitunda ali wamng'ono. Ine ndinakana, poopa kuti aphunzitsi akatiseka. Ndinamuuza kuti alembe kuti ndi mwana wamasiye, chifukwa ndinamva kuti oterowo amawamvera chisoni.

Anandiyang'ana, cholembera chili m'manja, n'kufunsa kuti, "Atate, ndilembe kuti munafa ndi chiyani? Nanga tinakuikani kuti?"

Amayi ake anatuluka panja. Ine ndinasowa poyang'ana. Kuyambira tsikulo Misozi sanalembe kalikonse, ndipo kukolejiko atseka kulandira makalata Lachisanu.

Chonde muimbireni foni, inu amakumverani. Mumuuze alembe za njinga ija, atchule ndi dzimbiri lake lomwe. Ine pakamwa pakundilemera.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu Yohane, amene ndikadali moyo.