Chipewa Choyera cha Wapolisi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa amuna ako ndi wa adzukulu angawo. Kuno tikudzuka, kupatula bondo lija. Akulemba ndi a telala oyandikana nafewa. Ndawauza alembe momwe ndikuyankhuliramu, asathire shuga.

Ukukumbuka sewero la pa TV la wapolisi wa jekete lalitali, lija tinkaonera ndi malemu amayi ako? Ayambanso kulionetsa Loweruka masana, ndipo a telala ndi akazi awo amadzaonera kuno. Chizungu chake sindimva, koma wakuba ndimamudziwa wapolisiyo asanamudziwe. Ndimayang'ana nsapato. Munthu amene wakalambira kusoka nsapato sanamizidwa ndi tayi.

Koma la sabata yathayi linali lachilendo. Panalibe kuthamangitsana pa galimoto, panalibe mfuti, ngakhale kudumpha mpanda. Mkuluyo anangokhala pampando m'chipinda chimodzi, anthu n'kumalowa ndi kutuluka.

Ine ndinayamba kudandaula kuti wayamba ulesi, ndiponso kuti chipewa choyera amuvekacho sichikumukhala. Ndinanena kawiri. A telala, amene amaseka ngakhale munthu akayetsemula, ulendo uno sanaseke.

Kenako akazi awo ananena motsitsa mawu kuti, "Agogo, si chipewa chimenecho. Ndi bandeji." Akuti zigawenga zinamuvulaza maso, madokotala amuchita opaleshoni, ndipo mlanduwo akuufufuza ndi makutu okha.

Ndinawayankha kuti ndimangowayesa dala. Koma tsiku limenelo sindinaone nsapato ngakhale imodzi. Kumapazi kwa anthuwo kunali nkhungu yokhayokha. Mwezi wathawu ndinakalipira wokonza ma TV kuti galasi lafooka, iye n'kulumbira kuti lili bwinobwino.

Pamapeto akuti anamumasula bandejiyo, mwana wake n'kumuponyera mpira, iye n'kuuwakha. Zimenezonso ndinachita kuuzidwa, m'nyumba mwanga momwe, pa TV yangayanga.

Paja unati ng'ala amachotsa kuchipatala, ine n'kulumbira kuti mpeni sudzafika m'diso langa ndili moyo. Usaganize kuti wandigonjetsa ndi iwe ayi. Ndangoona kuti ngati wapolisi uja, munthu wothamanga padenga la sitima, anakhala phee kuti amugwire maso, ine amene ndalasidwa ndi zingano zaka zonsezi ndiope chiyani?

Ndiye bwera udzandiperekeze. Usatume amuna ako, amalongolola. Ubwere iweyo. Dzanja udzandigwire pamasitepe pokha, osati pamsewu anthu akuona.

A telala akuseka tsopano. Ndawauza alembe kuti akuseka.

Undiperekere moni kwa apongozi ako ndi kwa anawo. Wamng'onoyo umutenge. Pachithunzi unatumiza chija aliyense akuti wafanana ndi amayi ako, ndipo ine ndakhala ndikungovomera. Ndikufuna ndidzadzionere ndekha.

Mulungu akusungeni nonse ndipo akuyendetse bwino panjira.

Ndine bambo ako,
Wosoka nsapato uja