Ndalama ya Abambo Sinapite ku Mowa

Kahawa, Nairobi
9 Novembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine ndili bwino, kungoti mvula yatipanikiza, maminibasi, amene kuno amati matatu, akungoima pamsewu wa Thika ngati aiwala kopita.

Amayi, achimwene a Dunstan sanakunamizeni. Penshoni ya malemu abambo, imene munandisungitsa kuti izibereka fizi ya mng'ono wanga Deliwe, ndinaiikadi m'thumba la Asilamu. Musadzidzimuke, sindinasiye mpingo. Kwaya ndikuimbabe, moipa ngati kale.

Anandilondolera ndi mayi Halima, amene amandigulitsa nsalu ku Eastleigh. Thumbali limasonkhanitsa ndalama za anthu n'kugula masheya m'makampani, koma mashehe amayamba aunika kampani iliyonse. Ya mowa, ya juga, kapena yodyera chiwongoladzanja, amaikana. Nditafunsa ngati amalandira Mkhristu, mayi Halima anaseka. "Karibu, dada, takulandira mchemwali! Amafunsa zochita za kampani, osati kumene iwe umapemphera."

Tsono chaka chino kampani ya mowa imene achimwene ankafuna kuti ndiikeko ndalamayo yapindula zoopsa, pamene ife a masheya a simenti, mafoni ndi mankhwala tangokwawa. Phindu lilipo, koma silikwana fizi ya Januwale. Achimwene anandikalipira pafoni mpaka batire kutha, akuti ndikuseweretsa tsogolo la mwana. Masamu awo ndi olondola, sindikukana.

Chimene sindinawauze ndi ichi. Tsiku losankha, fomu ili m'manja, ndinaona dzina la kampani ya mowayo, ndipo ndinakumbukira inu mukusambitsa abambo kuchipatala, maso ali chikasu, mimba itatupa. Dzanja linakana, Amayi. Ndikanayamba bwanji kupemphera kuti anthu amwe kwambiri kuti Deliwe aphunzire unamwino? Kwinakwake kuli mayi wina amene akanataya mwamuna wake kuti ife tipindule.

Deliwe sasiya sukulu. Tikiti ya ndege ya Khirisimasi ndabweza, ndalama yake itseka poperewerapo. Zikundiwawa, chifukwa patha zaka ziwiri ndisanakuoneni, ndipo chitenje chanu ndinagula kale, chobiriwira monga mumakondera.

Moni kwa achimwene, muwauze kuti sindinakwiye. Deliwe alimbikire kuwerenga, za tikitizi asamve. Mukapita kukalambula kumanda mu Disembala, ine kulibe, mukawauzeko abambo kuti ulendo uno ndalama yawo sinapite ku mowa.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Mtisunge